N'chifukwa chiyani zithunzi zowala pasikirini zimatuluka zakuda papepala?

Mayi wina wojambula zithunzi walemba kuti: "Akatswiri, ndimajambula anthu, makamaka ana ndi mabanja, ndipo zithunzizo ndimazikonza ndekha pakompyuta ndisanazisindikize. Vuto langa n'lakuti chithunzi chimene pasikirini chimaoneka chowala bwino, chikatuluka papepala chimakhala chakuda. Nkhope sizioneka bwino, ndipo tsitsi ndi zovala zakuda zimangosakanikirana ndi mthunzi. Poyamba ndinkaganiza kuti pulinta yanga yawonongeka, koma nditakatsukitsa zithunzi zomwezo kwina, zinatulukanso chimodzimodzi. Sikirini yanga ndi yatsopano, ndipo sindinasinthepo chilichonse chiigulireni. Ndawononga mapepala ndi inki yambiri. Kodi ndigule pulinta ina, kapena pali chimene ndikulakwitsa?"

Mayi, khazikani mtima pansi ndipo musafulumire kugula pulinta ina, chifukwa kalata yanu yomweyi ili ndi umboni wosonyeza kuti pulintayo ilibe mlandu. Makina awiri osiyana, ogwiritsa ntchito inki ndi mapepala osiyana, sangagwirizane kulakwitsa mofanana. Akatulutsa onse awiri chithunzi chakuda, nthawi zambiri ndiye kuti fayilo imene munawapatsa ndi yakuda, ndipo iwo angonena zoona. Chimene chinakubisirani zoonazo ndi sikirini, ndipo mawu anu akuti simunasinthepo chilichonse chiigulireni ndi amene akunditsimikizira kwambiri. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu osindikiza zithunzi, dandaulo limeneli ndi limene limabwera kawirikawiri kuposa ena onse, ndipo nthawi zambiri limatha munthu asanagule chilichonse.

Opanga masikirini amawatulutsa kufakitale atawaika pa kuwala kwakukulu, popeza sikirini yowala imakopa maso a ogula ndiponso imawerengeka mosavuta m'chipinda cha magetsi ambiri. Kuwala kwa sikirini kumayezedwa ndi makandela pa sikweya mita, zimene zimalembedwa cd/m², ndipo masikirini ambiri atsopano akakhala pa mlingo wapamwamba amafika pakati pa 250 ndi 350, ena kupitirira pamenepo. Pokonza zithunzi zoti zisindikizidwe, anthu a ntchitoyi nthawi zambiri amakhala pakati pa 80 ndi 120. Ngakhale muyezo wa mitundu wa sRGB, umene makampani a HP ndi Microsoft anaukonza mu 1996 ndipo makamera ndi malo otsukira zithunzi ambiri akuutsatabe, unakhazikitsidwa poganizira sikirini ya makandela 80 okha. N'kutheka, choncho, kuti sikirini yanu ikuwala kuwirikiza katatu mlingo umene ntchito yanu ikufuna.

Kuti muone mmene zimenezi zimakupusitsirani, kumbukirani kuti chithunzi cha m'kompyuta ndi manambala chabe. Kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu, a mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndipo nambala iliyonse imayambira pa 0, pamene pali pakuda bii, kukalekeza pa 255, pamene pali poyera mbee. Mukakweza kuwala kwa sikirini manambalawo sasintha, chimene chimasintha ndi mphamvu ya nyali imene ili kuseri kwa galasi. Nkhope imene manambala ake ali otsika imaoneka bwinobwino ikawalitsidwa ndi nyali yamphamvu, kotero inu simuona chifukwa choikwezera, ndipo mwina mumaichepetsanso kuwala pofuna kuti mitundu ikhale yakuya. Pulinta ilibe nyali yoteroyo. Imangowerenga manambala aja n'kuthira inki yochuluka monga momwe yauzidwira.

Mbali imene ambiri amaidumpha, ndipo ndi imene ndikufuna tichedwepo, ndi ya pepala. Pepala silitulutsa kuwala kwake, limangobweza kumene kwaligwera, ndipo chifukwa cha zimenezi kuwala kwa chithunzi chosindikizidwa kumadalira nyali imene ili m'chipinda chimene mukuchionera. Kuwala kogwera pa chinthu kumayezedwa ndi lux, ndipo pali masamu osavuta olumikiza muyezo umenewu ndi wa sikirini: mukagawa lux ndi 3.5 mumapeza pafupifupi makandela amene pepala loyera likubweza. Pepala lokhala pa lux 500 limabweza makandela pafupifupi 140, lokhala pa lux 300 limabweza pafupifupi 85, ndipo lokhala pa lux 100, monga zimakhalira m'zipinda zambiri madzulo, silifika n'komwe pa 30. Mukatembenuza masamuwo muona kuti sikirini ya makandela 300 ingafanane ndi pepala pokhapokha pepalalo litawalitsidwa ndi lux oposa 1,000, kumene kuli kuwala kosapezeka m'zipinda zambiri zokhalamo anthu. Tanthauzo lake n'lakuti palibe nambala imodzi imene ili yolondola kwa aliyense. Mlingo woyenera wa sikirini yanu ndi umene ukufanana ndi kuwala kumene pepala lanu likubweza pamalo amene mumalionera, ndipo amene angakuuzeni kuti "ikani 120 basi" asanaone chipinda chanu wakupatsani poyambira chabe.

Maso nawonso amawonjezera vutoli. Munthu amene wachoka padzuwa n'kulowa m'nyumba amaona ngati m'nyumbamo muli mdima, ngakhale amene anali momwemo akuona zonse bwinobwino. Zomwezo zimachitika mukayang'ana sikirini yowala kwa ola lathunthu kenako n'kunyamula pepala lochokera mupulinta n'kuliyang'ana pomwepo patebulo, m'chipinda chimene mwina mwachepetsa magetsi kuti sikirini izioneka bwino. Pepalalo liyenera kuoneka lakuda ngakhale litasindikizidwa molondola. Choncho musanasinthe chilichonse, tengani chimodzi mwa zithunzi zimene mwazitaya mtima, mupite nacho pafupi ndi zenera masana, pamalo owala koma osawombedwa ndi dzuwa, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu kuti maso azolowere, kenako muchiyang'anenso. Ngati nkhope ndi tsitsi zayamba kuoneka, gawo lalikulu la vuto lanu ndi nyali ya m'chipinda. Ngati chikadali chakuda ngakhale pamenepo, ndiye kuti fayilo ndi yakuda ndithu. Kwa anthu ambiri zifukwa ziwirizi zimakhalapo pamodzi.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuyamba ndi chipinda, sikirini pambuyo. Makampani osindikiza amatsata muyezo wa ISO 3664, umene umanena kuti zosindikizidwa zizionedwa pa kuwala koyera kotchedwa D50, kumene kuli pafupifupi 5000K (K ndi muyezo wa mtundu wa kuwala: nambala ikatsika kuwala kumapita kuchikasu, ikakwera kumapita kubuluu), pa lux 2,000 poyerekezera mitundu mosamala kwambiri, ndi pa lux 500 poona mmene chithunzi chidzaonekere kwa anthu wamba. Inu simukufunika bokosi lapadera la nyali limene iwo amagwiritsa ntchito. Nyali ya patebulo yokhala ndi babu la 5000K ikwanira, bola babulo likhale loonetsa mitundu mokhulupirika, ndipo zimenezi mungazidziwe poona nambala ya CRI papaketi yake, imene iyenera kukhala 90 kapena kupitirira. Muiike pambali, yowunikira pepala lokha, kuwala kwake kusagwere pagalasi la sikirini, ndipo muisunthe kufikira pepala likulandira lux pakati pa 300 ndi 500. Mapulogalamu a pafoni oyeza lux si olondola kwenikweni, koma pa ntchito imeneyi amakufikitsani pafupi. Chipinda chonse chikhale chowala pang'ono, osati chamdima, ndipo ngati muli zenera lalikulu muikepo makatani, chifukwa sikirini imene ikuoneka yoyenera m'mawa idzaoneka yowala kwambiri usiku ngati kuwala kwa m'chipinda kukusinthasintha.

Tsopano tibwere pa sikirini. Muiyatse ndi kuisiya kwa mphindi 30 kuti nyali yake ikhazikike, ndipo pa nthawi imeneyo muzimitse zonse zimene zimasintha maonekedwe pazokha. Ndikunena za kusintha kuwala malinga ndi chipinda, Night Light ya Windows, Night Shift ndi True Tone za Apple, HDR, komanso zosankha za m'sikirini zokometsera masewera ndi mafilimu, zimene zimakokomeza mitundu ndi kusiyana kwa zoyera ndi zakuda. Ngati ndi laputopu muilumikize kumagetsi, popeza ambiri amachepetsa kuwala akamayendera batire. Potsitsa kuwala mugwiritse ntchito batani la Brightness la sikirini yeniyeniyo, limene limachepetsa mphamvu ya nyali. La Contrast mulisiye pamene opanga analiika, ndipo musatsitse kuwala kudzera m'pulogalamu ya khadi la zithunzi la kompyuta, chifukwa njira imeneyo siikhudza nyali, imangopanikiza manambala ndi kutaya tsatanetsatane wa chithunzi.

Njira yosalira chipangizo chilichonse ndi yoyerekezera zoyera ziwiri. Tsegulani tsamba loyera lopanda kanthu m'pulogalamu imene mumakonzera zithunzi, ndipo pansi pa nyali yanu muike pepala losalembedwa la mtundu womwewo umene mumasindikizira. Yang'anani pepala, tembenukirani ku sikirini, bwereraninso ku pepala, uku mukutsitsa kuwala pang'onopang'ono mpaka kuyera kwa ziwirizi kukufanana mphamvu. Musalabadire zoti chimodzi chikuoneka chachikasu pang'ono ndipo china chabuluu, imeneyo ndi nkhani ina imene ndiitchule kutsogoloku. Musadabwe mukapezeka kuti mwatsika kufika pa 20 kapena 30 peresenti, ndipo musatengere peresenti ya mnzanu, chifukwa 30 peresenti ya sikirini ina si yofanana ndi ya inzake. Tsiku loyamba sikirini idzaoneka yofooka ndi yosasangalatsa, ndipo apa ndi pamene ambiri amagonja n'kuikwezanso. Pirirani masiku angapo, maso amazolowera.

Popeza ndinu wojambula, muli kale ndi chipangizo choyezera kuwala, chimene ndi kamera yanu. Iikeni pa ISO 100, aperture pa f/5.6, pa njira imene kamera imasankha yokha liwiro la shutter, ija yolembedwa A kapena Av, ndipo muonetsetse kuti exposure compensation ili pa 0. Lozetsani lenzi pa tsamba loyera lija, pafupi mokwanira kuti kuyerako kudzaze chithunzi chonse, n'kuona liwiro limene kamera yasankha. Ikasonyeza 1/30 ndiye kuti sikirini ili pafupifupi pa makandela 120, ikasonyeza 1/25 ili pafupi ndi 100, ndipo 1/20 ndi pafupifupi 80. Ikasonyeza 1/60 kapena 1/80 muli pakati pa 240 ndi 320, ndipo ndikuganiza kuti ndi pamene inu muli pakali pano. Makamera amasiyana pang'ono kayezedwe kake, choncho manambalawa musawatenge ngati a labotale, koma ubwino wa njirayi ndi wakuti mungathe kulozetsanso kamera yomweyo pa pepala losalembedwa lili pansi pa nyali. Liwiro likafanana pa ziwirizi, ndiye kuti kuwala kwake kwafanana, kaya kamera yanu imalakwitsa pang'ono kapena ayi.

Ngati kusindikiza zithunzi ndi ntchito imene mumalandirapo ndalama, colorimeter ndi yoyenera kukhala nayo kapena kubwereka. Ndi kachipangizo kamene kamapachikidwa pagalasi la sikirini n'kumayeza mitundu yosiyanasiyana imene pulogalamu yake ikuonetsa, kenako pulogalamuyo imalemba fayilo yotchedwa ICC profile imene imauza kompyuta mmene sikirini yanuyo imaonetsera mitundu. Zodziwika kwambiri ndi Spyder ya kampani ya Datacolor ndi zimene panopa zimagulitsidwa pa dzina la Calibrite, zimene kale zinali za X-Rite, ndipo palinso pulogalamu yaulere ya DisplayCAL imene imagwira ntchito ndi zipangizo zambiri zoterezi. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimakhumudwitsa ogula ambiri: kachipangizoka nthawi zambiri sikakusankhirani kuwala. Pulogalamu imakufunsani mlingo umene mukufuna, ndipo kachipangizo kamangokuthandizani kufika pamenepo molondola. Ndaonapo anthu amene anayeza sikirini mosamala koma anasiya kuwala pa 200 kapena kupitirira, ndipo zithunzi zawo zinapitiriza kutuluka zakuda, mitundu yokha ndi imene inalondola. Yambani ndi 100 kapena 110, gamma, muyezo wa mmene kuwala kumakwerera kuchoka pakuda kufika poyera, pa 2.2, musindikize, muyerekezere pansi pa nyali yanu, ndipo ngati pepala likadali lakuda kuposa sikirini muyezenso pa 90 kapena 80. Kuyeza kumabwerezedwa pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, popeza nyali ya sikirini imasintha ikamakalamba.

Pulogalamu yomweyo idzakufunsaninso za mtundu wa kuyera. D65, imene ili pafupifupi 6500K, ndi imene sRGB ndi mafoni ambiri amatsata, pamene D50 ndi ya makampani osindikiza. Pa sikirini wamba D50 imaoneka yachikasu kwambiri kwa anthu ambiri. Kwa munthu ngati inu, amene mwina makasitomala amalandira zithunzi pafoni komanso papepala, ndingayambe ndi D65, ndipo ndikaona kuti pepala nthawi zonse likuoneka lachikasu poyerekeza ndi sikirini, ndingatsike kufika pakati pa 5500K ndi 5800K. Nkhaniyi ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya kuwala, ndipo musataye nayo nthawi yambiri vuto lalikulu lisanathe.

Mukamaliza zonsezi mudzatsegula zithunzi zanu zakale n'kupeza kuti pasikirini zikuoneka zakuda, ngati mmene zinatulukira papepala. Musaganize kuti mwawononga kanthu, chimenecho ndi chizindikiro chakuti ntchito yatheka, chifukwa sikirini ndi pepala zayamba kunena chimodzi. Koma kutsitsa sikirini sikukonza fayilo. Mukasindikizanso chithunzi chomwecho osachisintha, chidzatuluka monga kale, ndipo ndimalandira madandaulo ambiri a anthu amene amaiwala zimenezi. Chithunzi chilichonse chiyenera kukonzedwanso pa kuwala kwatsopanoku. Pokonzapo muziyang'ana histogram, kachithunzi kosonyeza kuchuluka kwa madontho akuda kumanzere ndi owala kumanja, chifukwa siinyengedwa ndi nyali ya sikirini kapena ya m'chipinda. Chithunzi cha masana chimene histogram yake yaunjikana kumanzere, kumanja kuli mpata waukulu wopanda kanthu, ndi chakuda ngakhale maso anu atachikonda. Musinthenso mtundu wa malo ozungulira chithunzi m'pulogalamu yanu. Mapulogalamu ambiri amaika chithunzi pakati pa malo akuda, ndipo chinthu chilichonse chozunguliridwa ndi mdima chimaoneka chowala kuposa mmene chilili, pamene papepala chidzazunguliridwa ndi m'mphepete moyera. Musanasindikize, sandutsani malowo kukhala oyera n'kuchiyang'ananso, ndipo kawirikawiri mudzaona kuti chikufunika kukwezedwa pang'ono.

Mwatchula tsitsi ndi zovala zakuda zosakanikirana ndi mthunzi, ndipo apa pali chifukwa china choposa kuwala kwa sikirini. Sikirini yabwino ya mtundu wa IPS imatha kuonetsa poyera powala kuwirikiza pafupifupi ka 1,000 kuposa pakuda pake. Pepala lonyezimira limafika pafupifupi ka 200, ndipo pepala losanyezimira nthawi zambiri limathera pafupi ndi ka 50. Tsatanetsatane yense amene sikirini ikumuonetsa m'mithunzi ayenera kupanikizidwa m'malo ochepa amenewa, ndipo oyamba kutayika ndi manambala otsikitsitsa. Pa mapepala ambiri, zonse zimene zili pansi pa 15 kapena 20 zimatuluka zakuda mofanana, ndipo pa pepala losanyezimira malirewo amakwera. Choncho muike kalozera wa mbewa patsitsi ndi pajekete n'kuwerenga manambala, ndipo ngati mukufuna kuti ulusi wa nsalu kapena maluko a tsitsi aoneke, muwakweze achoke m'dera limenelo. Chenjezo langa lili pa nkhope za anthu akhungu lakuda. Musakweze chithunzi chonse mpaka khungu litatuwa, chifukwa mudzakhala mwathetsa vuto lina n'kuyambitsa loipa kuposa pamenepo, ndipo mwini nkhopeyo sadzadzizindikira. Kwezani mithunzi yokha, ndipo ngati n'kofunika muwalitse pang'ono mbali ya nkhope imene ili kumdima, khungu lisunge mtundu wake weniweni.

Kuti muoneretu zimene pepala lidzataye, mapulogalamu monga Photoshop ndi Lightroom Classic ali ndi njira yotchedwa soft proofing. Mumasankha ICC profile ya pulinta yanu ndi pepala lenilenilo, imene opanga mapepala ambiri amaipereka kwaulere pa intaneti, ndipo pulogalamu imasintha chithunzi cha pasikirini kuti chifanane ndi chimene chidzatuluke. Mukayatsa gawo lotsanzira mtundu wa pepala ndi kuda kwa inki, chithunzi chimaoneka ngati chaphimbidwa ndi nkhungu, ndipo ndimalangiza kuyang'ana kumbali pamene mukudina, kenako n'kubwerera, kuti maso asayerekezere ndi chimene aona kumene. Muzikonza kope la chithunzicho, choyambirira chikhale chosakhudzidwa, popeza pepala lina lidzafuna makonzedwe ena.

Ngakhale ndanena kuti pulinta yanu ilibe mlandu, pali zinthu zochepa zoti muzitsimikizire. Mitundu iyenera kuyendetsedwa ndi mbali imodzi yokha, kaya pulogalamu yokonzera zithunzi kapena pulogalamu ya pulinta. Zonse ziwiri zikamachita ntchitoyo nthawi imodzi, chithunzi chimatuluka ndi mtundu wolakwika ndipo nthawi zina chakuda. Mtundu wa pepala umene mwasankha m'pulogalamu ya pulinta ugwirizane ndi pepala limene mwalowetsa, chifukwa chisankho chimenecho ndi chimene chimalamula kuchuluka kwa inki. Chithunzi chongotuluka kumene musachiweruze, chisiyeni chiume kwa ola limodzi, ndipo pa ntchito yofunika kwambiri mpaka mawa lake, popeza inki ikamauma mithunzi imatseguka pang'ono. Kumalo otsukira zithunzi muwafunse ngati makina awo amakonza okha kuwala ndi mitundu, ndipo ngati amatero muwapemphe azimitse zimenezo pa zithunzi zanu, apo ayi simudzadziwa ngati kusintha kumene mukuona kwachokera kwa inu kapena kwa iwo. Muwatumizire mafayilo a sRGB pokhapokha atakuuzani zina, chifukwa fayilo ya muyezo wina wa mitundu wotchedwa Adobe RGB ikawerengedwa ngati sRGB mitundu yake imatuluka yofooka.

Pa nkhani yowononga mapepala, musayesere pa chithunzi chachikulu. Pa intaneti pali zithunzi zoyesera pulinta zimene zili ndi nkhope, mitundu yosiyanasiyana ndi timabokosi toyambira pakuda kukafika poyera. Musindikize chimodzi osachisintha chilichonse, ndipo popeza manambala ake ndi olondola kale, chidzakuuzani ngati pulinta ndi sikirini zikugwirizana popanda kusokonezedwa ndi makonzedwe anu. Muwerenge timabokosi takuda timene mukutha kusiyanitsa papepala, ndipo mudzadziwa malire enieni a pepala lanu m'malo modalira manambala anga aja. Pa zithunzi zanu, dulani kagawo ka nkhope ndi tsitsi, mupange makope anayi kapena asanu osiyana kuwala pang'onopang'ono, muwaike onse papepala limodzi ndi kulemba pansi pa lililonse mlingo wake. Mu Lightroom Classic, m'gawo losindikizira, muli chowonjezera kuwala kwa chosindikizidwa chokha osakhudza chithunzi cha pasikirini. Sindichikonda ngati njira yoyamba, chifukwa simuona zimene chikuchita mpaka pepala litatuluka, ndipo chimabisa vuto la sikirini m'malo molichotsa. Chili ndi ntchito yake pamene mukudziwa kuti chithunzi chikakhomedwa pakhoma lopanda kuwala kokwanira kapena kuseri kwa galasi la fulemu, pamene kukweza pang'ono kumathandiza.

Muyembekezere kufanana kwa kuwala, kwa khungu ndi kwa mithunzi, koma osati kufanana pa chilichonse. Mitundu ina yowala kwambiri, makamaka buluu ndi wobiriwira wa pasikirini, inki siingathe kuifikira, ndipo mapepala ena oyera kwambiri ali ndi mankhwala owalitsa amene amawachititsa kuoneka abuluu pang'ono padzuwa koma osati pa babu la m'nyumba. Kusiyana kotereku si vuto lofunika kukonza.

Pali nthawi zina pamene kuyesayesa nokha sikungakuthandizeni. Ngati kuwala kwa chithunzi kumasintha mukangokweza kapena kutsitsa mutu, sikirini yanu mwina ndi ya mtundu wa TN, umene umapezeka m'malaputopu ambiri otchipa, ndipo palibe kuyeza kumene kungathetse zimenezo. Pamenepo chofunika kugula ndi sikirini ya IPS, osati pulinta. Ngati tsamba loyera likuoneka lowala pakati koma lodera kapena la mtundu wina m'makona, kapena sikirini imaphethira ndi kukupweteketsani mutu mukaitsitsa kuwala, muibweze kwa amene anakugulitsani nthawi ya chitsimikizo isanathe, popeza mwanena kuti ndi yatsopano. Ngati chithunzi choyesera chija chatuluka ndi mizere kapena timabokosi totuwa tatenga mtundu wobiriwira kapena wofiirira, yambani ndi kusindikiza tsamba loyesera timabowo ta inki limene pulinta iliyonse ili nalo, ndipo ngati kutsuka timabowoto kawiri kapena katatu sikunachotse mipata patsambalo, mupite nayo kwa okonza. Ngati mumagwiritsa ntchito inki kapena pepala losachokera kwa opanga pulinta ndipo mitundu ikukanabe, mufunika profile yopangidwira pulinta yanu yokha, imene amaipanga anthu okhala ndi chipangizo chotchedwa spectrophotometer poyeza tsamba la timabokosi limene inu mwasindikiza. Ndipo pa ntchito yaikulu ya kasitomala, monga chithunzi chachikulu cha pakhoma kapena buku la zithunzi, mupemphe osindikiza akupatseni kope laling'ono loyesera pa pepala lomwelo musanavomereze. Popita kwa aliyense wa anthu amenewa, mutenge fayilo yeniyeniyo, chosindikizidwa chimene chikukudandaulitsani, dzina la pepala, ndi mlingo wa kuwala umene mwaika pa sikirini, chifukwa zinthu zimenezi ndi zimene adzayambe kukufunsani.